Kiyi Anali kwa Amayi Sakala

Lachiwiri lapitali ananditsekera m'tchalitchi. Sindikuphiphiritsa ayi. Chitseko chinatsekedwa, loko anakhomedwa kunja, ine ndili m'kati nditaima pa benchi, tepi yoyezera ili m'manja. Posakhalitsa pabwalo panayamba kusonkhana anthu, ndipo sanabwerere mapemphero.

Dzina la tchalitchicho sinditchula, eni ake ali nawo kale mavuto okwanira. Ndingoti ndi chimodzi mwa matchalitchi akale a Chikatolika amene ali kunja kwa tauni yathu ya Kafue, aja amene timangowaonera patali tili m'minibasi, denga lokha likuonekera pakati pa mitengo.

Mwina mukufunsa kuti ndinkakatani kumeneko ine, munthu wobadwira ndi kukulira mumpingo wa Dachi, monga amatitchulira kuno.

Anandituma ndi Tadala, mwana wanga wamkazi. Akuphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Kitwe, ndipo aphunzitsi ake anauza aliyense kuti alembe za nyumba yakale ya kwawo. Anandiimbira foni Lamlungu titangoweruka kutchalitchi.

"Adadi, nifuna mukanijambulireko chechi ija yakudala. Mukapime na chipupa kuti n'chonenepa bwanji, na mawindo. Musaiwale kumwamba, mitengo ya denga."

"Iwe, ine ndikalowa bwanji kwa Akatolika? Sindidziwa ngakhale pogwada."

"Chipupa sichifunsa chechi yanu, adadi. Mukapime chabe."

Kholo likana bwanji? Lachiwiri m'mawa ndinatenga tepi yanga yachikasu, ndinakwera minibasi pafupi ndi msika, ndinatsika panjira n'kuyenda wapansi.

Pabwalo la tchalitchi ndinapeza amayi atatu akusesa, onse atavala zitenje zofanana za gulu lawo. Ndinakweza dzanja, "Mwauka bwanji amayi," osaima n'komwe. Anayankha, koma ndinaona kuti matsache aleka kuyenda. Chitseko chinali chotsegula, ndiye ndinalowa. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Safunsa anadya phula.

Koma ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona m'katimo, chifukwa ambiri a inu mwakhala mu Kafue zaka zonsezi ngati ine, ndipo simunazionepo.

Choyamba ndi kuzizira. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'kati muli zii ngati m'mtsuko. Mulibe fani, mulibe chilichonse chamagetsi. Ndi makoma okha. Ndinaika mkono pazenera, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, khoma n'kutsalako ndithu. Njerwa zake n'zoumba pamanja, ndipo zina zikuonekabe zala za amene anaziumba. Pamwamba pa khomo palibe chitsulo, palibe simenti yothira. Njerwa anaziyala mopindika ngati uta, iliyonse ikukanikiza inzake, ndipo zakhala choncho kuyambira agogo athu ali anyamata.

Denga ndinaliyang'ana mpaka khosi linawawa. Mitengo ikuluikulu ya mukwa, umene makolo anga ochokera ku Malawi ankati mlombwa, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo. Msomali sindinauone ngakhale umodzi. Mazenera ndi aatali, opapatiza, magalasi ake ofiira ndi obiriwira, moti kuwala kumagwa pansi ngati wina wayala chitenje.

Kenako ndinafika pa zosema. M'makoma monse mwapachikidwa matabwa khumi ndi anayi, osemedwa nkhani ya Yesu kuyambira pamene anaweruzidwa mpaka kumanda. Akatolika amati Njira ya Mtanda. Ine ndinkayembekeza nkhope za azungu ngati za m'mabuku a Sande sukulu. Ayi ndithu. Simoni wa ku Kurene wavala kabudula, mapazi ake ndi aming'alu, khasu lake lili pansi pamene analigwetsa atamugwira. Amayi olira aja abereka ana kumbuyo, ndipo mmodzi ali ndi mphini m'masaya ngati za malemu azakhali anga. Asilikali omenya Yesu avala zipewa za akapaso a kuboma, aja ankakakamiza makolo athu msonkho. Ndinaseka ndekha. Wosemayo ananena zakukhosi kwake pamaso pa azungu omwewo, iwo n'kumagwada pansi pake. Ndinafunafuna dzina lake pathabwa lililonse. Palibe.

Panali zinthu ziwiri zimene ndinaona koma osaziganizira. Paguwa makandulo anali obayika m'mabotolo a zakumwa. Ndipo zenera limodzi la kumbali linali ndi chitsulo chatsopano, chowotcherera chaposachedwa.

Pafupi ndi khomo panali kathebulo ndi buku la alendo. Ndinalitsegula. Maina a ku Poland, ku Italy, ku Ireland, ku Germany, ena atalemba mawu oyamikira. Ndinatembenuza masamba angapo kufuna Phiri, Banda kapena Hachoongo. Sindinamupeze. Ndinafuna kulemba langa, koma cholembera panalibe.

Ndinayamba ntchito ya mwana. Ndinajambula denga, ndinajambula khomo ndi mahinjesi ake, ndinajambula guwa. Kenako ndinakwera pa benchi kuti ndiyeze zenera, ndipo zenera limene linali pafupi nane linali lomwe lija la chitsulo chatsopano.

Ndili pomwepo ndinamva chitseko chikukwekwerezeka. Kuwala kwa pakhomo kunazimiririka. Kenako loko anati khwa.

Ndinatsika pang'onopang'ono, mawondo anga sakondanso mabenchi. Ndinapita pakhomo n'kugogoda mwaulemu.

"Odi. Muli munthu m'kati muno."

"Tiziwa." Anali mawu a mzimayi, ali pafupi kwambiri ndi chitseko. "Nkhalani mwamene umo."

"Amayi, mwina simunandione polowa."

"Ninakuonani. Ninakuonani na pamene munali kupima windo. Mupimira chani windo yathu?"

Zitseko ziwiri za tchalitchicho sizikumana bwino pakati, pali mpata wolowa zala ziwiri. Ndinasuzumira. Anali mmodzi wa amayi osesa aja, wamfupi, wa zaka ngati zanga, mpango woyera kumutu. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti ndi amayi Sakala, amene amasunga kiyi wa tchalitchi masiku a m'kati mwa sabata.

Ndinawafotokozera za Tadala ndi sukulu yake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Na uja anakamba bwino," anatero. "Anabwera mwezi watha, wovala jekete monga imwe. Anati afuna kupemphera. Anankhala maola awiri. Patapita masiku atatu anthu analowera pa windo yamene munali kupima. Anatenga zoikapo makandulo zamkuwa, belu yaing'ono ya paguwa, na nyale. Ba Hamoonga, alonda athu, anawatema m'mutu. Manje imwe mwabwera na tepi."

Ndinayang'ana tepi ija m'dzanja langa. Mukanakhala inu amayi Sakala, mukanaganiza chiyani?

"Natuma mnzanga akaitane ba Hamoonga," anapitiriza. "Akuoneni. Ngati sindimwe, nizatsegula."

Zinali zomveka, ndipo ndinakhala pansi kuti ndidikire. Koma amayi Sakala sanawerengere chinthu chimodzi. Mnzawo amene anamutumayo sanayende mwakachetechete. Anathamanga akukuwa njira yonse kuti kawalala wagwidwa, ndipo mukudziwa nonse zimene mawu amenewo amachita kwathu kuno.

Oyamba kufika anali ochepa, ndinamva mapazi ndi manong'onong'o. Kenako mawu anachuluka mpaka sindinathenso kusiyanitsa. Ndinasuzumiranso pampata paja. Amuna ogwira ntchito m'minda yapafupi, amayi ogulitsa pamsewu, ena a njinga. Patsogolo panali mwamuna wamtali wovala ovololo yabuluu, chikwakwa chili m'manja. Mwina ankatchetcha udzu penapake. Mwina ndi munthu wabwino kunyumba kwake. Ine ndinangoona chikwakwacho.

"Amayi, tipatseni kiyi," anatero.

"Tiyembekeza ba Hamoonga."

"Ba Hamoonga anatemedwa kale. Mufuna atemedwe kawiri? Mutulutseni timufunse ife."

Wina kumbuyo anatchula tayala. Sanakuwe, anangonena ngati munthu wokumbutsa anzake chinthu chimene aiwala. Mwala unagwa pamalata n'kugubuduzika mpaka pansi. M'tchalitchi chopanda anthu phokoso limenelo limamveka ngati mfuti.

Ndinatulutsa foni kuimbira Tadala. Inali yozimitsa, anali m'kalasi. Ndinaimbira mkazi wanga, inalira mpaka kuduka. Ndinaganiza za apolisi, koma kuchokera kutauni mpaka kumeneko, pamsewu wafumbi uja, akanafika nthawi yanji?

Wa chikwakwa uja anazungulira n'kubwera pazenera limene galasi lake limodzi linasweka kalekale. Tinayang'anana.

"Mdala, mwati munabwera kuchita chani?"

Apa panachitika chinthu chimene sindinachiyembekezere. Ine ndinabadwira ku Nangongwe, komboni ya mu Kafue momwemu. Atate anga anabwera kudzagwira ntchito kunjanji ine ndisanabadwe. Chinyanja cha m'tauni ndimachilankhula tsiku lililonse pamsika ndi m'minibasi. Koma mantha atandigwira, pakamwa panga panatuluka Chichewa cha m'nyumba mwa atate anga, chija chozama chimene timalankhula pamaliro.

"Pepani bambo, ine sindine wakuba. Ndabwera kudzangoona nawo kamangidwe ka nyumba ya Mulunguyi."

Anatembenukira kwa anzake. "Mwamvera kakambidwe kake? Si wa kuno uyu."

"Ndine wa ku Nangongwe. Dzina langa ndine Mbewe."

"Ku Nangongwe kulibe machechi? Chabwino. Ngati ndimwe munthu wopemphera, kambani Tikuoneni Maria."

Pemphero limenelo ndalimva pamaliro a anansi kosawerengeka. Ndimadziwa mawu awiri oyambawo basi.

"Ine si Mkatolika. Koma ndikhoza kunena Atate Athu."

"Iyo na kawalala aiziwa. Onetsani foni."

Ndinaikweza pazenera, ndikuganiza kuti zithunzi zindiwombola. Anayang'ana ine ndikusuntha ndi chala. Mahinjesi a chitseko. Guwa. Zenera la chitsulo chatsopano, ndalijambula pafupi kwambiri. Ndinaziona ndi maso ake, ndipo ndinasiya kulankhula. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, ngakhale atakhala kuti anangodutsa.

Anabwerera kukhomo akuyenda mofulumira, gulu likumutsatira. Ndinamva chitseko chikugwedezeka.

Zimene zinachitika pakhomopo ndinaziona pampata wa zala ziwiri, ndiye sindinaone zonse. Ndinaona amayi Sakala akumanga kiyi pamfundo ya chitenje chawo. Kenako anakhala pansi pasitepe, msana atatsamiritsa pachitseko, miyendo atatambasula ngati ali pamphasa kunyumba kwawo. Mpata uja unatsekeka ndi mpango wawo woyera. Kuyambira pamenepo ndinkangomva mawu.

"Ndine ninakhoma, ndine nizatsegula," anatero. Sanakweze mawu. "Wofuna kiyi ayambe na ine."

"Amayi, chokani. Tizatyola chitseko."

"Tyolani. Akawalala anachisiya chitseko ichi, manje muchityole ndimwe. Sande mukauze abambo ansembe kuti ndimwe."

"Muteteza kawalala?"

"Siniziwa ngati ni kawalala. Na imwe simuziwa. Pakhomo pano sipazagwa magazi ine nili na kiyi."

Amayi ena awiri aja anabwera n'kukhala pambali pawo, kuphatikizapo uja anakuwa poyamba. Ndinamva matsache awo akugwera pasitepe. Gulu linang'ung'udza, koma palibe amene anafuna kukhala woyamba kukoka mzimayi wovala chitenje cha mpingo pakhomo la tchalitchi.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, moyang'anizana ndi thabwa la asilikali a zipewa za akapaso. Sindinasekenso. Ndinapemphera, ndipo sindibisa, linali pemphero la munthu wamantha, lopanda mutu ndi mchira. Ndinaganiza za Tadala, kuti akadzamva adzati ndi iye anandipha.

Ba Hamoonga anafika akuyenda pang'onopang'ono, bambo wachikulire, Mtonga, mutu uli ndi bandeji pansi pa chipewa. Gulu linawapatsa njira mpaka pazenera losweka lija. Anandiuza kuti ndiime powala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Kwerani pa benchi," anatero.

Ndinakwera, nditagwira khoma.

"Selukani."

Ndinatsika, mwendo umodzi kaye, kenako wina.

"Aja ananimenya anali atatu, anyamata, analumpha windo monga mbuzi. Uyu ni mdala. Sininamuonepo."

Munthu amene anali ndi chifukwa chachikulu chofunira magazi anga ndi amene ananena zimenezo. Akanangoti mwina ndi yemweyu, nkhani ino bwenzi akulemba ndi wina.

Koma wa chikwakwa sanagonje. "Madala ndiye amatuma. Abwera kupima, anyamata abwera kutenga."

Ena anavomereza. Ndipo pamenepo foni yanga inalira. Tadala anali atatuluka m'kalasi n'kuona kuti ndinamuimbira.

Ndinathamangira kukhomo. "Amayi, ndi mwana uja. Lankhulani naye nokha, ine sindinena kanthu." Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pampata.

"Halo, adadi?"

"Ni amayi Sakala. Ndiwe ndani?"

"Ndine Tadala Mbewe. Foni ya adadi muli nayo bwanji?"

"Atate ako ali kuti lero?"

"Ninawatuma ku chechi ija yakudala ya Akatolika, akanijambulire na kupima chipupa. Ni ya kusukulu."

"Anyamula chani?"

"Tepi yawo yayelo." Ndikuganiza kuti anamva phokoso la anthu. Mawu ake anasintha. "Amayi, chachitika n'chani? Adadi ali bwino?"

"Ali bwino, mwanawe. Nili nawo ine."

Pabwalo panali pataleka phokoso. Oyandikira anamva zonse, ndipo ankauza a kumbuyo. Ndinamva njinga imodzi ikuchoka, kenako ina.

Amayi Sakala anamasula mfundo ija n'kutsegula. Kuwala kunandithobwa m'maso. Anandigwira pamkono mwamphamvu ngati mwana wothawa jakisoni, amayi awiri aja wina uku wina uku, ba Hamoonga patsogolo. Tinadutsa pakati pa anthu. Ambiri anayang'ana kumbali. Wa chikwakwa anaima pomwe anali n'kunena kuti, "Nkhope tayiona." Titangodutsa mpanda, chibuma chinandimenya pamsana. Sindinacheuke, ndipo amayi Sakala sanandilole kuima.

Anandiperekeza mpaka kumsewu waukulu. M'njira amayi Sakala anatembenukira kwa ine.

"Ninachita mantha," anatero. "Sembe ninapereka kiyi uja, Sande nikanalowa bwanji mu chechi?"

Ndinawathokoza, ndinapepesanso. Sanandinyengerere.

"Munatipitirira monga ndise mitengo. Mukanaima chabe, mwatipatsa moni bwino, mwakamba zamene mufuna, nikanakutengani neka. Nikanakuonetsani na kumbuyo kwa guwa, kwamene omanga analemba maina awo pa njerwa. Ambuya anga alipo paja."

Ndinachita manyazi kuposa mmene ndinachitira mantha. Komabe panali funso limene linkandivutitsa, ndipo ndinalifunsa.

"Azungu aja a m'buku la alendo, amene amajambula chilichonse, munayamba mwawatsekerapo?"

Anandiyang'ana, osaseka. "Aja abwera na motoka, abambo amatiuziratu. Koma munthu wakuda kubwera kuzapenya chabe chipupa? Ine nasesa paja zaka zambiri. Ndimwe oyamba."

Mawu amenewo andisowetsa tulo kuposa chikwakwa chija.

Taganizani. Njerwa zinaumbidwa ndi makolo athu. Mukwa unadulidwa m'mapiri athu omwewa, n'kunyamulidwa pamapewa a anthu athu. Wosema anali wathu, ndipo anasema nkhope zathu. Koma wobwera kudzaona zimenezi amachokera kutsidya kwa nyanja, pandeke. Ife tinagwirizana, sindikudziwa liti, kuti kuyang'ana nyumba yakale ndi ntchito ya azungu. Wathu akalowa m'tchalitchi ndiye kuti akupemphera, ali paukwati, kapena waperekeza maliro. Akalowa Lachiwiri n'kumayang'ana denga, tilibe dzina lina lomupatsa. Ndi kawalala basi.

Kodi ndi liti pamene munatenga ana anu Loweruka kuti tiyeni tikaone mmene agogo anu ankamangira? Siteshoni ya sitima timaidutsa tsiku lililonse. Nyumba zakale za njanji tikuzigwetsa imodziimodzi n'kuikapo mabuloko otentha ngati uvuni. Mwana wanga anafunika kupita ku Kitwe kuti wina amuuze kuti kwawo kuli chinthu choyenera kuchiyang'ana. Ine atate wake sindinamuuzepo, chifukwa nanenso sindinkadziwa. Zaka zoposa makumi asanu ndakhala ndikudutsa, ndikumati n'za Akatolika zimenezo.

Sindikuwada anthu a pabwalo paja chifukwa cha mantha awo. Mantha awo ali ndi pochokera. Wina analowa m'nyumba imene amabatiziramo ana awo, anatema nkhalamba m'mutu, n'kunyamula zinthu zimene zinakhala paguwa mibadwo itatu. Ndipo zinthuzo sizinapite kumwamba. Zinapita kwa ogula zitsulo zakale, kumene zinaphwanyidwa ndi hamala kuti zisadziwike. Malo amenewo tonse timawadziwa, timadutsa pageti pake. Wogula akaona choikapo kandulo chokhala ndi mtanda, amaganiza kuti chagwa m'galimoto? N'chifukwa chiyani gulu silipita kumeneko kukafunsa mafunso? Kapena n'kosavuta kuzinga munthu mmodzi amene watsekeredwa kale?

Lachisanu amayi Sakala anandiimbira kufunsa za msana wanga. Anandiuzanso kuti komiti ya tchalitchi inakumana. Agwirizana kuti chitseko chizikhala chokhoma sabata yonse, kupatula nthawi ya Misa. Ena akufuna kuti matabwa a Njira ya Mtanda achotsedwe akasungidwe kunyumba ya ansembe, m'makomamo aikemo zithunzi zosindikiza zogula ku Lusaka. Sindingawadzudzule. Koma zikatero, akuba adzakhala atatenga zambiri kuposa zimene ananyamula, ndipo gawo lina la mlanduwo ndi langa, ine wolowa osaodira.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizengereza.

Chaka chatha pamsika wa ku Nangongwe anagwira munthu, akuti anaba foni. Ndinalipo. Ndinali nditagula tomato ndi kapenta, ndili paulendo wobwerera kunyumba. Anthu anamuzinga, anamugwetsa, ndipo ankamumenya ndi chilichonse chimene chinali pafupi. Iye ankangobwereza mawu amodzi, kuti funsani mkazi wanga, funsani mkazi wanga. Sindinaponye mwala. Sindinamenye. Ndinaima kumbuyo, thumba langa ndili nalo m'manja, ndikusuzumira pamapewa a anthu. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti lero agwira wina, iye n'kuteleka nshima, tinadya. Sindinafunse ngati foniyo inapezeka. Sindikudziwa ngati munthuyo ali moyo.

Lachiwiri, ndili kuseri kwa chitseko chija, amene ankandiopsa kwambiri sanali wa chikwakwa. Iye ndinkamuona, ndinkatha kulankhula naye. Ankandiopsa ndi aja a kumbuyo, oima chete, manja ali m'matumba, odikira kuti aone mmene zithere. Ndinawazindikira msanga chifukwa ndinaimapo pamalo awo.

Pabwalo lonse lija, munthu mmodzi yekha ndi amene anayamba kukhala pansi pasitepe, ndipo nayenso sankadziwa ngati ndine wosalakwa. Inu amene mukuwerenga, tsiku limene mfuu ya kawalala idzamveke pafupi ndi kwanu, ndipo munthu wosamudziwa akupempha kuti mufunse kaye mkazi wake, mudzaima pati?